Mbale ya Wapaulendo

Aliyense wa m'bwalo la zisudzo la Mfuko ankadziwa zinthu zitatu za Kinuyo Aramaki: kuti mawu ake ndi osasa chibadwire, kuti mpango suchoka pakhosi pake ngakhale kunja kutenthe motani, ndi kuti bambo ake anafera kunkhondo. Za mpangozo zinali zoona. Ziwiri zinazo anali mabodza, ndipo Kinuyo anali atawanena kwa zaka zambiri mwakuti ankatuluka okha pakamwa ngati moni.

Bwalolo linali pansi pa sitolo ya kaunjika ku Shimokitazawa, mumzinda wa Tokyo. Munthu ankatsika masitepe khumi ndi asanu ndi anayi n'kupeza mipando makumi asanu ndi atatu, nsanja yaing'ono, ndi fungo la chinyezi lomwe silinkatha. Zenera munalibe. Anthu a zisudzo amapatsana moni wa m'mawa nthawi ina iliyonse, ndiye m'menemo, kaya kunja ndi masana kaya dzuwa lapendeka, unkangomva "mwadzuka bwanji" kuchokera mumdima.

Kinuyo anabwera m'menemo ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akufuna kukhala wosewera. Anamuuza tsiku lomwelo kuti mawu ake sakufika ngakhale pamzere wachiwiri. Sanapite kwina. Anamupatsa kachipinda kakuseri kwa nsanja, kambaula kamodzi ndi poto wa mpunga, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi chilichonse chodyedwa kapena kumwedwa pansanja ya Mfuko chinkadutsa m'manja mwake. Mowa wa m'sewero unali tiyi wake wozizira. Magazi anali madzi a shuga ndi utoto, ndipo osewera ankati magazi a Mayi Aramaki ndi okoma kuposa a kwina kulikonse mu Tokyo. Sanakwatiwe. Anthu atafunsa n'kutopa, anasiya.

M'chilimwe cha 2005, nkhondo itatha zaka makumi asanu ndi limodzi, bwalo lililonse linkafuna sewero la nkhondo. Hayasaka, wotsogolera zisudzo wa pa Mfuko, mnyamata wa ndevu zosakwanira amene sanaonepo mfuti kupatula ya pulasitiki, analemba lake. Linali la msilikali wobwera kunkhondo mutu utasokonekera, ndi mkazi wake amene ankamudikira. Kinuyo anawerenga mapepalawo ataimirira, kufunafuna zomwe aphike. Patsamba lomaliza anapeza mzere umodzi: mbale ya wapaulendo, mpunga, chivundikiro. Anakhala pabokosi la zida.

Mwambowu sufuna kufotokozera munthu wa msinkhu wake. Wa m'nyumba akakhala kutali, kunkhondo kapena panyanja, mumamuikira mbale pamalo pake, mpunga wotentha, n'kuvundikira. Mukatha kudya mumavundukula. Mukapeza mame kunsi kwa chivundikiro ndiye kuti ali moyo. Chikakhala chouma, palibe amene amayankhula.

Bambo ake, a Shozo, anabwerako ku China mu 1947 ndi miyendo yonse iwiri ndi manja onse awiri, ndipo anthu a m'mudzi mwawo ku Tochigi anati banja la Aramaki ndi lamwayi. Kinuyo anabadwa chaka chotsatira. Koma mayi ake, a Tomi, sanasiye kuika mbale ija. Anthu ankakhala atatu, mbale zinayi. Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Kinuyo anafunsa.

"Amayi, iyi ndi ya ndani?"

"Ya bambo ako."

"Bambo si awa ali apawa?"

"Awa ndi amene anafika. Enawo akadali m'njira. Idya."

A Shozo anamva zonsezi. Ankangoyang'ana manja awo ali pamaondo, kuwatembenuza, kuwatembenuzanso, ngati anawabwereka kwa munthu wina ndipo akufuna kuona ngati awawononga. Pomaliza kudya mayi ankavundukula mbale ija, kuona mame, n'kunena kuti, "Ali moyo." Mwamuna wawo ali pomwepo.

M'nyumbamo munali lamulo limodzi: usafike kumbuyo kwa bambo osatsokomola. Kinuyo analisunga mpaka ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Masana ena otentha, nyenje zikulira, mayi anamutuma kukapereka kansalu kopukutira thukuta kwa bambo pachitsime. Anapita wopanda nsapato, ndipo anaiwala kutsokomola. Anangowagwira pamsana. Chimene amakumbukira si ululu ayi, koma nkhope yawo. Sinali ya munthu wokwiya. Inali ya munthu wogwidwa ndi mantha, akulankhula mawu achilendo mofulumira, zala zawo zili pakhosi pake. Mayi anawamenya ndi chikuni. Kinuyo anatsitsimuka patapita masiku awiri kunyumba ya anansi, mawu atapita, bambo atatengedwa kale kupita kuchipatala cha asilikali odwala m'mutu.

Amalume ake ndiwo anagamula. Nyumba yokhala ndi wamisala mwana wake sakwatiwa, choncho a Shozo anafera kunkhondo, basi, nkhani yatha. Mayi ndi mwana anasamukira ku Tokyo komwe kunalibe wowadziwa. A Tomi anapitiriza kuika mbale ija mpaka anamwalira, koma kukawaona amuna awo sanapiteko, ndipo Kinuyo sanapemphe. Atawaika mayi ake anatsuka mbaleyo n'kuikankhira kuseri kwa kabati.

Tsopano m'thumba la epuloni yake munali kalata yochokera kuchipatala kuja, yachitatu chaka chimenecho. Inkati a Shozo Aramaki, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, akufooka, ndipo wachibale ngati alipo abwere. Kinuyo ankaiwerenga, kuipinda, kuibwezera m'thumba. Kunena zoona ankawaopabe, mayi wa imvi kuopa nkhalamba yomwe mwina sinkatha n'kunyamula kapu.

Pokonzekera sewerolo vuto linali Tsuge, wosewera msilikali. Ankakuwa, kugubuduzika, kudzimenya mutu pansi mpaka fumbi kobo. Hayasaka ankawomba m'manja. Kinuyo anapirira sabata ziwiri. Tsiku lina akudutsa ndi thireyi, pakamwa panamutsogolera.

"Sakuwa choncho."

Onse anatembenuka, chifukwa Mayi Aramaki sankalowerera za pansanja.

"Mwati bwanji, mayi?" anafunsa Hayasaka.

"Ndati sakuwa. Wokuwa sawopsa, mumadziwa pamene ali. Amakhala phee. Amayang'ana manja ake. Chitseko chikatseguka sayang'ana chitsekocho, amayang'ana pansi, kufuna kuona mapazi a wolowayo."

"Iii, koma zimenezo ndiye zenizeni! Mwazitenga kuti?"

"Ndinangomva," anatero Kinuyo, n'kulowa kukachipinda kake.

Akanadziwa akanatseka pakamwa. Tsuge anali wosewera wabwino kuposa mmene ankaonekera. M'mawa mwake anakhala pamkeka wa pansanja, mapewa atagwa, manja pamaondo, n'kuyamba kuwatembenuza pang'onopang'ono. Kenaka anachita chinthu chimene Kinuyo sanamuuze: anapukuta chala chachikulu cha kumanja pathalauza katatu, n'kuchinunkhiza. Bambo ake a Kinuyo ankachita zomwezo asanagwire timitengo todyera. Kinuyo atamufunsa pambuyo pake, Tsuge anaseka n'kuti sakukumbuka n'komwe kuti anatero.

Za mbale ija Hayasaka anati aikemo mpunga wa pulasitiki, poti owonera sangaone m'kati. Kinuyo anakana kwamtuwagalu. Anatulutsa mbale ya mayi ake kuseri kwa kabati, yakuda, yofiira m'kati, n'kunena kuti mpunga uzikhala weniweni ndi wotentha, apo ayi apeze wophika wina. Hayasaka anakweza manja n'kumusiya.

Sewero linayamba Lachinayi, 2 koloko masana. Kumapeto, a Shinoda, osewera mkazi wa msilikali, ankavundukula mbale, kuyang'ana chivundikiro, n'kunena kuti, "Ali moyo," magetsi n'kuzima. Anthu anawomba m'manja, ena akupukuta misozi. Atatuluka onse Kinuyo anapita kukatenga thireyi. Dzanja linatembenuza chivundikiro lokha, mwa chizolowezi cha ubwana. Chinali chouma.

Lachisanu anaphika mochedwa dala, kuti mpunga upite pansanja ukufuka nthunzi. Chouma. A Shinoda, akuchotsa zodzola kumaso, anamupeza kukachipinda.

"Mayi Aramaki, chivundikiro chanuchi bwanji? Ine ndikumati 'ali moyo' ndikuyang'ana chinthu chouma gwa. Lilime likumalemera, eti."

Gondo, mkulu wa magetsi, amene anagwira ntchito ndi Kinuyo kuyambira onse tsitsi lili lakuda, anayankha ali pamakwerero.

"Musayambe za mizimu, amayi inu. Ndi nyali yangayi. Ikuwomba pachivundikiro penipeni, ndiye chikutentha. Chivundikiro chotentha sichigwira mame, ngakhale mwana wa sukulu akudziwa. Mawa ndiisuntha, muone."

Loweruka anaisuntha. Kinuyo naye anagoneka chivundikirocho mufiriji mpaka nthawi itakwana. Sewero lonse anaima kuseri kwa nsalu yakuda akuyang'ana Tsuge atakhala pafupi ndi mbale yake yomwe, akutembenuza manja. Litatha anathamangira pansanja anthu asanathe n'kutuluka komwe. Mpunga unamuwotcha chala. Nthunzi inkakwera ndithu, akuiona. Koma chivundikiro chinali chouma ngati sichinavundikirepo kanthu chipangidwire. Gondo anabwera, anachigwira, anachiyang'ana kuwala, n'kuchibweza osanena za ana a sukulu.

Lamlungu zinali chimodzimodzi. Sewero litatha Kinuyo anakwera masitepe aja n'kukhala pa lapamwamba, dzuwa likumuthobwa m'maso. Gondo anamutsatira ndi ndudu yake. Nyenje zinkalira mumtengo wa kuseri kwa sitolo.

"Achemwali," anatero Gondo, "ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga zaka ndimatha. Nkhondo inatha 1945. Inu munabadwa 1948. Bambo anu anali munthu wamphamvu bwanji, kubereka mwana atafa kale zaka zitatu?"

Kinuyo anamuyang'ana ndwii.

"Mwadziwa liti?"

"Aaa, kalekale, ndisanayambe dazi. Ndinangoti za eni. Koma kalata imene mukuisisita m'thumbayo yatha ndi thukuta. Ali moyo?"

"Sindikudziwa. Mwaona nokha chivundikiro."

"Chivundikiro ndi chivundikiro, sichikwera sitima. Mawa bwalo latseka. Pitani mukaone ndi maso."

"Anafuna kundipha, a Gondo." Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa pake, ndipo anatuluka ang'onoang'ono. "Ndikafika ndikanene chiyani? Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu."

"Mukanene kuti mwadzuka bwanji. Si umo timanenera ife nthawi iliyonse? Chibale ndi fupa, achemwali, sichiola. Chimangonunkha."

Lolemba anakwera sitima ziwiri ndi basi. Chipatalacho chinali pachitunda, pakati pa mitengo ya paini, ndipo nyumba ya asilikali inali yakumapeto, yakale kuposa zonse. Namwino amene anamulandira, Mayi Kamei, anawerenga dzina pakalata kawiri, kenaka anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera.

"Ndinu Kinuyo? Kinuyo mwana wawo?"

"Ndine. Kodi ndachedwa?"

"Ayi, alipo. Bwerani, ndi nthawi ya chakudya cha masana."

Anadutsa m'khonde lalitali la zipinda zopanda anthu, mabedi atayalulidwa. Namwino anati kale m'menemo munali amuna mazana, tsopano atsala asanu. Nkhalamba ina yovala zogonera inaimirira pakhomo n'kuwachitira sawatcha, ndipo namwino anaibwezera osasiya kuyenda.

"Ndikuuzeni musanalowe," anatero Mayi Kamei, atatsitsa mawu. "Bambo anu chibwerere kuno amagawa mpunga wawo pawiri. Theka amadya, theka amavundikira. Akatha amavundukula n'kuyang'ana. Anamwino amene anandiphunzitsa ntchito anawapeza akuchita kale zimenezi."

"Amaikira ndani?"

"Mukufunsa ine? Amaikira inu, mayi. Amati anawachotsa pachitsime asanaone ngati mwana akupuma."

Kinuyo anagwira khoma.

"Palibe anawauza?"

"Tawauza kambirimbiri, zili m'mapepala kuti mwana anachira. Amangoti, 'Nanga bwanji sabwera?' Amakhulupirira chivundikiro chokha. Ndiye kuyambira Lachinayi chikumatuluka chouma. Tasintha mbale, tasintha chivundikiro, ine ndafika powaza timadzi mobisa, koma andigwira. Chiyambire tsiku limenelo sanalawe kanthu. Adokotala akuti zikapitirira sabata ino sitikhala nawo."

"Lachinayi," anatero Kinuyo.

"Ee, Lachinayi masana. Bwanji?"

Kinuyo anasiya khoma n'kupitiriza kuyenda.

Pakhomo la chipinda anaima, n'kutsokomola. Sanachite kuganiza, khosi linakumbukira lokha. M'katimo, pampando wa pafupi ndi zenera, munali kankhalamba kakang'ono, kometedwa mpala, mapewa atagwa. Sanayang'ane chitseko. Anayang'ana pansi, pamapazi a Kinuyo. Munthu amene Kinuyo anamuopa moyo wake wonse anali wochepa kuposa iye, ndipo manja aja, ali pamaondo, anali mafupa okhaokha. Mantha sanachoke ayi, koma pambali pake panabwera chisoni chachikulu chomwe sanachiyembekezere.

Patebulo panali mbale ziwiri. Ina inali yotsegula, theka la mpunga lili momwemo losakhudzidwa. Inayo inali yovundikira, itaikidwa kutsogolo kwa mpando wopanda munthu, timitengo todyera tili pambali pake mwadongosolo.

"Mwadzuka bwanji," anatero Kinuyo, ngakhale dzuwa linali pamutu.

"Muli ndi mlendo, a Aramaki," anatero namwino mokweza. "Mwana wanu Kinuyo wabwera."

Nkhalambayo inakweza maso pang'onopang'ono, kuyang'ana imvi zake, magalasi ake, chikwama chake.

"Pepani, mayi," inatero mwaulemu, "alakwitsa. Kinuyo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi."

Kenaka inatambasula dzanja, kuvundukula mbale ija, kutembenuza chivundikiro. Kinuyo anaona ali chiimire kuti n'chouma. A Shozo anachiyang'ana nthawi yaitali, anavundikiranso, n'kubwezera manja pamaondo. Anayamba kuwatembenuza.

Kinuyo anali atakonza mawu ambiri m'sitima, ena okhululuka, ena olasa. Onse anathawa. Chomwe chinatsala ndi ntchito yake: zaka makumi atatu ndi chimodzi akuona chakudya chikuikidwa pamaso pa anthu, ankadziwa kuti mbale imatha ntchito mwini wake akaidya. Anakoka mpando wopanda munthu uja n'kukhalapo. Anachotsa chivundikiro n'kuchiika pambali.

"Mayi, musadye," anatero a Shozo, mawu akukwera. "Chimenecho n'cha mwana wanga. Musadye!"

Namwino anasuntha phazi, koma Kinuyo anamuletsa ndi dzanja. Anali pafupi, pomwe manja aja akanatha kumufikira. Anamasula mpango wake, kuuzungulitsa kamodzi, kawiri, n'kuuika pamiyendo. Mphepo ya pazenera inamukhudza pakhosi, pamalo pomwe panali pasanaonedwe ndi munthu chichokere ku Tochigi. Anatenga timitengo, anatapa mpunga, anaika m'kamwa.

"Ndachedwa, bambo," anatero ndi mawu ake osasa aja. "Ndabwera kudzadya."

Kunja nyenje zinasiya kulira zonse pamodzi. A Shozo sanayang'anenso nkhope yake. Maso awo anatsikira pakhosi, n'kukhazikika pomwepo. Kinuyo anatafuna, anameza. Mpungawo unali wouma ndi wosakoma, wophikidwa ndi munthu wopanda chikondi ndi mpunga. Anatapanso.

Manja a nkhalambayo anasiya kutembenuka. Inaweramira kutsogolo mpaka Kinuyo anamva mpweya wake, ndipo inafunsa monong'ona, ngati ikuopa kudzutsa wina:

"Chikudutsa bwinobwino pakhosipo?"

Kinuyo anameza. Misozi inagwera mumpunga.

"Chikudutsa, bambo."

"Sipakupweteka?"

"Panasiya kale."

A Shozo anagwedeza mutu kangapo. Anapukuta chala chachikulu cha kumanja pathalauza katatu, kuchinunkhiza, n'kukokera mbale yawo pafupi. Anayamba kudya pang'onopang'ono, maso ali pakhosi pa mwana wawo, ndipo sankameza mpaka ataona kuti iye wameza.